Njinga sinakalambe, tikuipha ndife ndi sikuludiraiva

Abale anga a kumudzi, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zanga pano, lero sindikamba za feteleza kapena mtengo wa soya. Ndikamba za kachitsulo kamene kandigoneka masiku atatu ku Area 15, tomato akupsa yekha kudimba. Ena mukwiya, makamaka inu amakaniko a pansi pa mtengo. Kwiyani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Nonse mukuidziwa Yamaha AG 100 yanga ija ndinagula kwa mlangizi wina wa zaulimi atapuma pantchito. Mtundu umenewu a Yamaha anayamba kupanga mu 1973, ndipo anapangira ife alimi: tcheni chotsekera kuti chisadye matope, kaliyala kumbuyo, kaliyala kutsogolo. Yanyamula fodya, yanyamula kabichi, yanyamula odwala usiku. Sinandichititsepo manyazi.

Lachiwiri ndinanyamuka ku Mitundu ndi thumba la ufa ndi dengu la tomato kukapatsa alamu anga ku Area 15. Kulakwa koyamba n'kwanga, ndivomere: ndinathira petulo wa m'chigubu. Nditangowoloka mlatho wa Lilongwe njinga inayamba kutsamwa, ukasiya moto yazima. Ndinadziwa kuti ndi zinyalala mu kabuleta, ntchito ya theka la ola. Ndatula katundu, ndinaikankha kupita nayo kwa mnyamata wina wokonza njinga m'mbali mwa msewu. Dzina sinditchula, si iye yekha amene amachita izi.

"Madala, musadandaule, izi n'zazing'ono," anatero.

Anatulutsa sikuludiraiva imodzi ya sitala, yakuthwa ngati msomali, chigwiriro chomanga ndi mphira. Pansi pa kabuleta pali kambale kamene mumakhala petulo, komangidwa ndi tisikuluwu tinayi. Koyamba kanatuluka. Kachiwiri ndinamva kuti khwee, sikuludiraiva yaterereka. Anabwerezanso, khwee. Mutu unadyeka, mtanda uja unasanduka dzenje. Kachitatu chimodzimodzi. Kenako anatenga hamala ndi tchizulo. Ndinati, "Aise, tadikira kaye." Akuti, "Madala, timapanga daily izi." Kambale kanatsekuka ndithu, koma khutu lake limodzi litang'aluka. Atafika pa jeti yaing'ono ya mkati analowetsa fulati yopyapyala, napotokola, mlomo wa jeti n'kubenthuka. Jeti yatsala m'dzenje, yosatuluka, yosatsukika.

Mukudziwa chimene ananena? "Njinga yanuyi yakalamba, madala." Madzulo alamu nawo, tili pakhonde, anawonjezera: "Alamu, chiphakasa chimenechi gulitsani, mugule yatsopano ngati za anyamata a kabaza." Apa ndiye pamene pandipweteka, ndipo n'chifukwa chake ndalemba. Njinga imene yatha zaka zonsezi m'misewu yafumbi siinganamiziridwe ukalamba chifukwa cha munthu amene waiboola m'maso ndi chida cholakwika.

Lachinayi ndinapita ndi kabuleta m'thumba ku Old Town, cha ku Malangalanga kumene amagulitsa masipeyala. Kumeneko anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza njinga za ku Japan kuyambira kale. Anangoyang'ana mitu ija n'kupukusa mutu. Anatenga sikuluwu imene inapulumuka nandionetsa kadontho kakang'ono pambali pa mtanda. Zimene anandiphunzitsa ndi izi, ndipo ndikufuna aliyense amene ali ndi njinga, kapena pampu ya kudimba, azimve.

Sikuti sitala iliyonse ndi sitala. Imene yadzaza m'mashopu mwathu ndi ya mtundu wa Phillips, dzina la Henry F. Phillips wa ku America amene anaifalitsa m'zaka za m'ma 1930. Mapiko ake ndi otsetsereka ndipo m'makona mwake ndi mozungulira. Koma njinga zakale za Honda, Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki, pamodzi ndi makabuleta ake a Mikuni ndi Keihin, anazimanga ndi masikuluwu a muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS. Mtanda wake uli ndi makona akuthwa. Ukalowetsamo Phillips siikhala bwino, imangogwira pamwamba. Ukapotokola mwamphamvu imakwera n'kutuluka, ndipo potulukapo imasenga chitsulo. Kawiri, katatu, mutu watha. Ambiri mwa masikuluwu amenewa ali ndi kadontho kaja. Mukakaona, Phillips ibwerere m'thumba. Chokoma n'chakuti sikuludiraiva ya JIS imagwiranso bwino pa masikuluwu a Phillips, ndiye mukagula imeneyo mwagula ziwiri.

Palinso ina yonyenga, yolembedwa PZ, ya Pozidriv. Ili ndi timizere tina pakati pa mapiko. Imeneyo ndi ya akalipentala, ya masikuluwu a matabwa. Pa kabuleta isayandikire n'komwe.

Kenako pali kukula. Masitala ali ndi manambala: 1, 2, 3. Tisikuluwu ta kambale ka petulo nthawi zambiri timafuna nambala 2. Anthu ambiri amatenga yaing'ono, ati chifukwa yakuthwa ndiyo ilowe bwino. Bodza. Yaing'ono imasewera m'dzenje. Kuyesa kwake n'kosavuta: lowetsani, gwedezani pang'ono. Ikamagwedera, si imeneyo. Yoyenera imakhala nganganga ngati mpini m'khasu lokhomedwa bwino.

Tsopano za majeti, pamene mnyamata uja anandiphera njinga. Jeti ndi ya mkuwa wachikasu, wofewa kuposa chitsulo cha sikuludiraiva. Thupi la kabuleta nalo ndi lofewa. Fulati yolowa mu jeti iyenera kudzaza mng'alu wonse, m'lifupi ndi m'kunenepa komwe. Mafulati wamba ali ngati mphero ya nkhwangwa, oonda kunsonga, onenepa kumtunda, ndiye amangokanikiza milomo ya mng'alu n'kuibenthula. Yoyenera nsonga yake ndi yowongoka mbali zonse ziwiri. Ndiponso jeti yaing'ono imakhala mkati mwa dzenje lopapatiza. Fulati yokhala ndi mapewa otambalala imapala makoma ndi kuwononga mathiredi polowa. Bambo aja ali ndi fulati imene anaisula okha ndi tupa kuti izilowa m'dzenje limenelo basi, ndipo saibwereketsa kwa munthu. Majeti ena akuluakulu a Mikuni ali ndi mutu wa makona asanu ndi limodzi. Amenewo safuna sikuludiraiva, amafuna bokosi sipanala ya 6, osati pulayala.

Pali kasikuluwu kenanso kakunja, kosinthira mpweya kuti njinga izilira bwino itaima. Musanakachotse, kalowetseni pang'onopang'ono mpaka kangogunda, mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati. Pobwezera mudzabweza chimodzimodzi. Osakamanga ngati mukumanga tayala la ngolo, nsonga yake ikaphwanyika njinga sidzakhazikikanso. Ndipo chonde, waya kapena singano mu kabowo ka jeti ayi. Bowo lija analiyeza, pajeti palembedwa nambala. Mukalikuza, njinga iyamba kumwa petulo ngati chidakwa.

Kagwiridwe nako kalipo. Chotsani kabuleta pa njinga, muyiike pa thabwa. Tsukani mitu kaye kuti dothi lisatsekereze mtanda. Mphamvu yambiri ipite pokanikizira pansi, yochepa popotokola. Ikakana, dontheza mafuta omasulira dzimbiri, dikira, gogoda chigwiriro pang'ono ndi kahamala kopepuka. Tchizulo ndi ya m'galaja ya malole. Ndipo ngati mitu inadyeka kale, sinthani muikemo tisikuluwu ta Allen key, vuto lathera pomwepo.

Ndikudziwa zimene muyankhe m'munsimu. Wina anena kuti makaniko weniweni amagwira ndi chilichonse. Ayi, achimwene. Kodi munaonapo mlimi akupalira nazale ya fodya ndi nkhwangwa? Ifeyo timadziwa kusiyanitsa khasu lolimira ndi kakhasu kobzalira, chikwanje ndi chisikilo. Bwanji tikafika pa injini nzeru imeneyi imatithawa? Kugwira ndi chilichonse si luso ngati mwini njinga akubwerera wapansi.

Wina anena kuti zida n'zodula, mnyamata wa pansi pa mtengo azitenga kuti ndalama. Izi ndikuzimva, ndipo sindikunyoza umphawi wa munthu. Koma tiwerengere limodzi. Sitala yabwino imodzi ndi mafulati awiri, kuyerekeza ndi kabuleta yathunthu. Ya AG yeniyeni siipezeka wamba, imene ungapeze msanga ndi yongofanizira, yosachedwa kuvuta. Onjezani masiku anga atatu, minibasi, ndi tomato amene mayi a kunyumba akuti wayamba kuphulika. Amene walipira kusowa kwa chidacho ndine, osati makaniko. Munthu amene ali ndi foni ya WhatsApp ndi bandulo ya tsiku lililonse asandiuze kuti sikuludiraiva yamukanika.

Wina anena kuti za JIS zo sitizipeza kuno. Funsani kaye. Ena amagulitsa osadziwa n'komwe chimene ali nacho, ndiye tengani sikuluwu yanu m'thumba mukayese pa kauntala. Dzina limodzi lodziwika ndi Vessel, ya ku Japan komweko. Ndipo inu abale a ku Joni, m'malo motitumizira zipewa ndi masipika, ikanimo kachida kameneka m'katundu. Sikalemera.

Koma ndisaloze ena okha. Ineyo pampu yanga ya kudimba ndakhala ndikuitsegula ndi mpeni wa Okapi. Inunso a kwathu ndakuonani, wina ndi supuni, wina ndi msomali wosula. Kenako timati mapampu a masiku ano ndi achabechabe. Chikhalirecho makabuleta athu amafuna kutsegulidwa kawirikawiri. Fumbi ndi lathu, zigubu ndi zathu, ndipo petulo wa m'dziko muno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda. Chinthu chimene uzitsegula chaka ndi chaka, mitu yake uyenera kuisamala ngati mbewu.

Kwa inu alamu, ndi ena onse a m'tauni okonda mawu oti "gulani yatsopano": yatsopanoyo nayo ili ndi kabuleta, ndipo ikakumana ndi sikuludiraiva yomwe ija idzafa imfa yomweyi, mwina msanga kuposa yanga. Ndalama yogulira njinga kumudzi ndi zokolola za zaka zingapo. Sitingamataye chinthu cholimba chifukwa choopa kugula chida cha m'manja.

Bambo aja anaitulutsa jeti ija moleza mtima, anaika ina, anapeza kambale kakale m'bokosi lawo. Lachisanu m'mawa AG inalira kiki imodzi. Ndabwera nazo zida zitatu, ndazikulunga m'kansalu, zili pansi pa mpando. Kuyambira lero, makaniko aliyense asanakhudze njinga yanga ndiziyamba ndaona chimene wagwira m'manja. Akakwiya, ndikankha njinga kupita kwina. Safunsa anadya phula, ine ndadya langa ku Area 15.

A kwathu amene mukufuna kuona kusiyana kwa masitala awiriwa, ndipezeni kudimba Loweruka masana, mubwere ndi pampu zanu. Mubwerenso ndi madengu, tomato wakupsa uja ndikugulitsa motchipa.