Tsitsi lalifupi ndi zipsera zapamutu

Mawu oti "dazi" ndi "mpala" onse amanena za mutu wopanda tsitsi, koma Achewa sawasokoneza. Dazi limabwera lokha, pomwe mpala munthu amachita kumetedwa. Anthu andalama amalimbana ndi dazi. Mu 2011 Wayne Rooney, katswiri wa mpira wa ku England, adaulula kuti adakawokeretsa tsitsi, ndipo masiku ano ambiri amakhamukira ku Istanbul kukachita zomwezo. Madokotala amadula kachikopa kotalika kunkhongo n'kuwokera tsitsi lake pamene pali dazi, kapena amazula mizu ya tsitsi umodziumodzi. Njira yoyamba imasiya chipsera chonga mzere, yachiwiri imasiya timadontho. N'chifukwa chake ambiri mwa anthuwa sameta mpala. Amasiyako tsitsi lokwanira kubisa pomwe padadutsa mpeni.

Mwana wasukulu wa ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe kapena Phalula mwayi wosankhawu alibe. M'masukulu ambiri a boma lamulo ndi lakuti tsitsi likhale lalifupi, ndipo aphunzitsi ena lalifupi amalimva kuti mpala. Tsono makina akangodutsa, mbiri yonse ya mwanayo imakhala poyera: pomwe padadya chipere, pomwe padagwera mwala wa legeni, ngakhale mphini zomwe agogo adamutema mutu utamuvuta. Anzake sachedwa. Pofika nthawi yopuma amakhala atamupatsa kale dzina, kaya Chigamba kaya Mapu, ndipo ife ophunzira za chiyankhulo tikudziwa kuti dzina lonyoza limakakamira kuposa la makolo.

Aphunzitsi amati kumeta ndi ukhondo, kumathetsa nsabwe, komanso kumachititsa kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka afanane. Za nsabwezo sindikutsutsa. Koma taganizirani zomwe zimachitika sukulu ikamatsegulira: ana ambirimbiri pamzere kwa wometa wa pamsika, makina amodzi omwewo, sipiriti akapezeka n'kamwayi. Chipere chimafala kudzera m'makina ndi zipeso, choncho ukhondo womwe tikuufunawo ndi umene ukugawa matenda. Komanso kupala kwambiri kunkhongo kumatha kuyambitsa tiziphuphu tomwe timauma n'kusanduka zotupa zolimba zosatha, makamaka kwa ife a khungu lakuda ndi tsitsi lopotana.

Zapamutu pa mwana wasukulu zidasinthapo kale m'dziko muno. Mu Novembala 2019 kudabuka ziwawa ku M'manga m'boma la Balaka pa nkhani ya hijabu, ndipo mu 2021 atsogoleri a zipembedzo adasainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuivala. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, lidagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'masukulu a boma osameta. Onsewa adali ndi chipembedzo kumbuyo kwawo komanso owayankhulira. Nanga mtsikana wa Sitandade 7 yemwe adapsa ndi phala pamutu ali wakhanda, amuyankhulira ndani? Iye amangojomba mpaka tsitsi litamera.

Ine sindikupempha kuti ana aziluka kapena kuwotcha tsitsi ayi. Ndikungoti lalifupi likhale lalifupi, sentimita imodzi kapena awiri, lopesedwa bwino, ndipo mwana wachipsera aloledwe kusiyako lokwanira kuchiphimba popanda kufotokozera kalasi yonse chifukwa chake. Zimenezi sizikulira khoti kapena kalata yochokera ku Capital Hill. Mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo angathe kugwirizana pamsonkhano umodzi teremu isanayambe.