Walira Mvula Walira Matope: Mlandu wa Mtengo wa Sweetgum

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu timakonda kuuza mnyamata amene wangokwatira n'kuyamba kudandaula kuti banja likudya ndalama. Ine ndikufuna ndiupititse kwa anthu obzala mitengo, makamaka obzala mtengo wina wa ku America wotchedwa sweetgum, umene anthu amaukonda ukali waung'ono n'kudzauda ukakula.

Kwawo kwa mtengowu ndi kum'mawa kwa United States, kuyambira ku Connecticut kutsika mpaka ku Florida ndi Texas, komanso m'mapiri a ku Mexico, Guatemala ndi Honduras. Ku England unafika mu 1681, n'kubzalidwa m'munda wa Bishopu Henry Compton ku Fulham. Abale athu amene amagwira ntchito ya m'galadeni ku Johannesburg amaudziwa ndi dzina loti liquidambar, ndipo amaudziwa bwino kuposa eni nyumba, chifukwa tsache limakhala m'manja mwawo. Kumeneko mu Epulo ndi Meyi, usiku ukayamba kuzizira, masamba ake a nsonga zisanu kapena zisanu ndi ziwiri amasanduka achikasu, ofiira, ena ofiira moderako, onsewo pamtengo umodzi. Munthu amene waona msewu wa mitengo imeneyi pa nyengoyo sangadabwe kuti anthu amaufuniranji. Imeneyo ndiyo mvula.

Matope ake amachedwa kubwera, ndipo vuto lagona pomwepo. Kwa zaka 20, mwinanso 30, mtengowu subala. Ukayamba, umagwetsa zipatso zolimba zaminga zonga za nsatsi, zambirimbiri, miyezi yotsatizana. Zimabaya phazi la mwana, zimagwetsa nkhalamba ikazipondera pasimenti, zimatseka ngalande, ndipo makina otchetchera kapinga amazilavula mwamphamvu. Pansi napo mizu yake imayenda chapamwamba, yonenepa, n'kumatukula simenti ya m'njira ndi kung'amba mipanda. Mtengo wokhwima umafika mamita 20 mpaka 30. Amene anaubzala uli wofika m'chiuno nthawi zambiri amakhala atasamuka kapena atamwalira, ndiye mlandu umagwera amene anaupeza.

Mzinda wa Springfield, m'chigawo cha Illinois, unaona zimenezi. Matenda atapha mitengo ya elm yomwe inkapereka mthunzi m'misewu, anthu a kumeneko anabzala sweetgum wambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Anafuna mtengo wolimba, wokongola, wosagwidwa ndi matenda omwewo, ndipo anaupezadi. Pofika 2012 akuluakulu a mzindawo anayambitsa ndondomeko yothandiza eni nyumba kudula mitengoyo, chifukwa madandaulo a zipatso zaminga anali atachuluka. Zimandipweteka mtima ndikaganiza za mtengo wazaka zoposa 60, wathanzi, ukugwetsedwa popanda chimene walakwa. Unachita zimene mtundu wake umachita. Obzalawo sindiwanyoza, pakuti anali atataya mthunzi wawo ndipo anafuna kuubweza msanga. Koma anabzala mtundu umodzi wochuluka, m'malo opanikizika a pakati pa msewu ndi nyumba, ndipo funso loti mtengowu udzakhala wotani ukakula linasiyidwira zidzukulu.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. N'chifukwa chake ndikunena kuti ntchito yaikulu yosamalira sweetgum imachitika tsiku losankha malo, khasu lisanagunde pansi. Umafuna dzuwa la tsiku lonse. Pamthunzi umanyozoloka ndipo masamba safiira bwino. Umakonda dothi lakuya, losunga chinyontho, la asidi pang'ono, monga la m'zigwa za mitsinje kwawoko. M'dothi la laimu wambiri masamba amachita chikasu nthawi isanakwane chifukwa mizu imalephera kutenga ayironi, ndipo feteleza wamba sathetsa vutolo. Akatswiri a mitengo amati utalikirane ndi njira ya simenti mamita osachepera atatu, ndipo ine ndingawonjezere kuti kunyumba, kuchimbudzi ndi kumapaipi a madzi utalikire kuposa pamenepo. Ngati malo ako ndi ochepa, vomereza kuti mtengowu si wako. Palibe manyazi pamenepo.

Ukaubzala umafuna kudekha. Mizu yake ndi yofewa ndipo siikonda kusunthidwa, choncho chaka choyamba, mwinanso chachiwiri, mtengo umaoneka ngati waima. Ambiri amataya mtima pamenepa n'kuusiya. Komatu nthawi imeneyo ndi imene umafuna madzi kwambiri, othirira mokwanira kuti alowe pansi, osati kungowaza pamwamba tsiku lililonse. Dzenje likhale lotambalala koma losazama kuposa dothi lomwe mbande yabwera nalo, chifukwa kukwirira khosi la mtengo kumawoletsa khungwa. Yalani masamba ouma kapena makungwa mozungulira, osagunda thunthu. Wofuna kufesa yekha adziwe kuti njere zake zimamera bwino zikayamba zakhala pozizira ndi ponyowa kwa mwezi umodzi mpaka miyezi itatu.

Kuwongola mtengo m'poyamba. Sweetgum umafunika kukula ndi mutu umodzi. Ikaphuka nthambi yopikisana ndi mutuwo, ichotseni ikali yaing'ono, m'nyengo yozizira masamba atayoyoka. Chimene sindigwirizana nacho mpang'ono pomwe ndi chizolowezi chodikira mtengo ukule kenako n'kuudula mutu wonse poopa kuti watalika. Bala lalikulu lotero limalowetsa kuwola, ndipo mphukira zotuluka pamenepo zimakhala zosagwira, zothyoka ndi mphepo. Munthu amayesa wachepetsa ngozi pamene waiwonjezera.

Anthu oda zipatso zake amaiwala kuti mtengowu wadyetsa ndi kuthandiza anthu kwa zaka mazana ambiri. Khungwa lake likatemedwa limatulutsa utomoni wonunkhira. Aaziteki a ku Mexico ankausakaniza ndi fodya, ndipo Bernal Díaz del Castillo, msilikali wa ku Spain amene anaona ndi maso ake, analemba kuti mfumu yawo Moctezuma inkasuta zimenezi ikatha kudya. Kumwera kwa United States ana ankautafuna utomoniwo, ndipo matabwa ake ndi amodzi mwa ogwiritsidwa ntchito kwambiri kumeneko popanga mipando, mabokosi ndi pulaiwudi. Njere za m'zipatso zodedwazo ndi chakudya cha mbalame zing'onozing'ono ndi agologolo. Pamalo otakasuka, m'paki kapena m'mphepete mwa dambo, zipatsozo zimagwera muudzu n'kuwola popanda wodandaula.

Tsono pali munthu mmodzi amene mawu ake samveka pa nkhani yonseyi: wam'galadeni. Bwana akagula mbande ku nazale n'kuloza pafupi ndi geti kuti kumba apa, mnyamata amene wakhala akusesa pansi pa mitengo yotere kwa zaka zambiri amadziwa chimene chikubwera. Amadziwa pomwe padutsa paipi, amadziwa mpanda wa aneba umene unang'ambika. Koma ali kudziko la eni, ntchito ndi yosowa, ndiye amangoti chabwino bwana n'kukumba. Safunsa anadya phula. Mwini nyumba amene angaime n'kufunsa kuti kodi inu mukuona bwanji, angapulumutse mpanda wake ndi mtengo womwe. Nawenso m'bale wanga wam'galadeni, kunena mwaulemu kuti bwana, mtengo uwu umakula kwambiri, tiusunthire uko, si mwano. Ndi mbali ya ntchito imene unalembedwera.

Kwa amene akufuna masamba ofiirawo koma sangapirire minga, ulipo mtundu wotchedwa Rotundiloba, umene unapezeka ku North Carolina cha m'ma 1930. Nsonga za masamba ake n'zozungulira ndipo subala zipatso, kapena umabala zochepa kwambiri. Ulipo wina, Slender Silhouette, wokula choongoka osatambalala, woyenera pamalo opapatiza. Yonseyi imachulukitsidwa pomezanitsa kapena podula nthambi, osati pofesa, choncho pogula funsani dzina lenileni la mtunduwo ndipo lionekere pachikwangwani cha mbande. Dziwaninso kuti Rotundiloba wachotsa vuto la zipatso lokha. Mizu yake ndi ya sweetgum ndithu, ndipo malo oubzala ayesedwe ndi muyeso womwe uja.