MAU ACILENDO PAKATI PATHU: "RIBESI"

Alipo mau ena a Cizungu amene amagona m'mabuku zaka zambiri osachulidwa, koma tsiku lina amangodzaza msika wonse. Otere ndi mau akuti "rebase", amene anthu a m'midzi anawachula kuti "ribesi".

Kale mau amenewa anali a akatswiri a zacuma okha. Koma mu Januwale 1912 palibe amene akanalota zimene zinacitika patapita zaka 100, pamene Bank of Zambia, mu ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata, inalengeza kuti idzacotsa maziro atatu pa Kwacha. Ndalama zatsopano zinatuluka pa 1 Januwale 2013. K1,000 inasanduka K1, K50,000 inasanduka K50, ndipo Ngwee imene inali itaiwalika inabwereranso m'matumba.

Cimene cinafalitsa mauwa ndi ici: kwa miyezi 6 ndalama zakale ndi zatsopano zinali kugwira nchito pamodzi, ndipo mitengo yatsopano inali kulembedwa ndi zilembo KR. K100 yakale inali yolingana ndi 10 Ngwee cabe, pamene K100 yatsopano inali yolingana ndi K100,000 yakale. Motero mlimi wogulitsa nshawa ku Katete kapena ku Petauke anayenera kufunsa ngati mtengo unali wakale kapena wa ribesi. Mau okhudza thumba sacedwa kulowa m'khutu.

Koma kuchula mau si kuwamvetsa. Ena anayesa kuti ndalama yao yacepa, ena kuti yakula mphamvu. Zoona zake n'zakuti ribesi inasintha kalembedwe cabe. Mbuzi ya K150,000 inakhala ya K150, koma mbuzi inali yomweyo, ndi mtengo wake womwewo. Amene sanamvetse izi ndiye anali wapafupi kunyengedwa.

Pa 30 Juni 2013 ndalama zakale zinaleka kugula, cilembo R cinacotsedwa, ndipo mau aja anayamba kuzilala, monga anacitira "makuponi" a ufa a m'caka ca 1989. Mlendo ndi mame.

Mau ena acilendo adzabweranso, kucokera ku banki, ku cipatala kapena kwa ogula mbewu. Mlimi wanzeru asadinde cala pa pepala kapena kupereka thumba lake la cimanga asanafunse mlangizi, mphunzitsi kapena anyakwawa tanthauzo lake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.