Musatiuzenso kuti tinazolowera

Sabata yatha tili kuhositelo, mnzanga wina wa ku Dedza anaona pafoni chenjezo la a zanyengo loti kuchigwa cha Shire kutentha kupitirira madigiri 40. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma inu akuchigwa munazolowera, aise." Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndipo kusekako n'kumene kukundiwawa mpaka lero.

Kwathu ndi kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ndikuuzeni zomwe akuti tinazolowerazo. Mu Okotobala ndi Novembala, ikamakwana 9 koloko m'mawa, mwana wopanda nsapato sangaponde mchenga wa panjira, amachita kudumphadumpha kusaka pamthunzi. M'kalasi ya malata yomwe ndinaphunziramo Sitandade 8, aphunzitsi ankayesetsa mpaka cha m'ma 11, kenako aliyense ankangogonera pa desiki, choko chili m'manja mwa aphunzitsiwo. Koma mayeso tinkalemba amodzimodzi ndi ana a ku Dedza. Usiku m'nyumba simugoneka. Mumatulutsa mphasa panja, ndipo panjapo udzudzu ukukudikirani. Muneti mumatentha, ndiye munthu amasankha yekha pakati pa tulo ndi malungo. Agogo anga anakomoka pamjigo chaka china masana, ali pamzere wa madzi. Kuchipatala analemba kuti ndi BP. Munthu wachikulire akamwalira sabata yotentha chonchi, pamaliro timangoti anadwala mwadzidzidzi.

Madzi osefukira ali ndi mwayi umodzi, amajambulika. Mu Januwale 2015, nthawi ya Idai mu 2019, ya Ana mu 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023, dziko lonse linaona zithunzi za anthu ali pamadenga ndi m'mitengo. Kunabwera nduna, mabungwe, makamera. Sindikunyoza thandizolo, linapulumutsa anthu. Koma dzuwa silijambulika. Mbewu ikamafota palibe helikopita imabwera. Pa 23 Malichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Kwathu nkhaniyo inali yakale, chimanga chinali chitapserera kale m'munda. Amayi anga, pamodzi ndi amayi ena a m'mudzi, anayamba kulawirira ku dambo la Elephant Marsh kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tomwe timadya njala ikafika povuta. Munthu amalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, ena amachita kumira, m'madzi momwe muli ng'ona. Ndikufunseni anzanga a kumtunda, ng'onazo nazonso tinazolowera?

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti ife si anthu a m'chipululu. Shire, mtsinje waukulu kuposa yonse m'dziko muno, umadutsa pakhomo pathu chaka chonse. Kaimeni pamsewu wa M1 pa Nchalo mu Novembala. Mbali ina muona nzimbe zobiriwira mpaka pomwe maso alekezera, madzi akuthiridwa dzuwa likuswa mtengo. Mukayenda pang'ono muona fumbi lokhalokha, mbuzi zikudya makatoni. Dzuwa ndi lomwelo, nthaka ndi ya chigwa chomwecho. Sindikudana ndi nzimbe, malume anga analera ana awo ndi ndalama yodula nzimbe. Ndikungoti minda imeneyo imatiulula: munthu akaikapo ndalama, mapampu ndi ngalande, chilala chimathera pa mpanda. Ndipo asaname munthu kuti alimi wamba sangathe ulimi wamthirira. Ku Nkhate ndi ku Muona anthu akhala akulima mpunga m'masikimu kwa zaka zambiri.

Wina andiuza kuti boma likuchitapo kanthu, pali Shire Valley Transformation Programme. N'zoona. Ndi ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi ndalama za World Bank ndi African Development Bank. Mphepo ya Ana itawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, ntchitoyo inabwerera m'mbuyo. Ine ndikufunitsitsa ngalandeyi itheke, mwina kuposa aliyense wolemba za iyo ali mu ofesi yozizira ku Lilongwe. Koma mutikhululukire tikamakayika. Mu Okotobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje ndi mwambo waukulu, ndipo mpaka lero palibe sitima ya katundu imakocheza pamenepo. Tinavina kale ife. Funso langa pa ngalandeyi ndi losavuta: madzi akafika, mayi wa kamunda kochepa ngati amayi anga adzaloledwa kulimapo chakudya cha pakhomo, kapena adzangokhala waganyu pamunda womwe unali wake?

Zathu nazo ndinene, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwakonza kale miyala. Inde, timatentha tchire. Seputembala akafika mapiri a Chikwawa amayaka usiku, ena akusaka mbewa, ena akusosa, ena n'chibwana basi. Inde, tadula mitengo. Ndipo tinasiya mapira ndi mchewere, mbewu zomwe makolo athu ankadziwa kuti zimapirira dzuwa, n'kuthamangira chimanga chifukwa tinaphunzitsidwa kuti nsima yeniyeni ndi yoyera. Ndikukumbukira ndili mwana ndinkachita manyazi mlendo akapeza nsima ya mapira pambale. Koma ndani anatiphunzitsa manyaziwo? Kwa zaka zambiri sabuside wa boma mtima wake wakhala pa chimanga, ngati kuti Malawi yense ndi Kasungu. Nanga makala aja anyamata amakankha pa njinga kukwera phiri kuchokera ku Thabwa, amakapsera kuti? Ku Blantyre, m'makhitchini mwa anthu omwewo amene amati akuchigwa ndi owononga komanso okonda zolandira.

Zina sizifuna ngongole ya ku World Bank. Sukulu za kuchigwa zitha kumayamba m'mamawa kwambiri n'kuweruka dzuwa lisanakwere m'miyezi iwiri yotenthayi. Makalasi atha kumangidwa ndi siling'i ndi mazenera akuluakulu m'malo motengera pulani imodzi ya dziko lonse. Zipatala zitha kuyamba kuwerenga anthu obwera atakomoka ndi kutentha, kuti tsiku lina tidzakhale ndi nambala yokaika patebulo la nduna. Sizichitika chifukwa aliyense amakhulupirira kuti matupi athu anawumbidwa ndi dongo lina.

Ndipo inu anzanga amene mukumaliza chaka chino, ena mwa inu mudzatumizidwa ku Nsanje ngati aphunzitsi, anamwino kapena alangizi a zaulimi. Ndakumvani kale mukunena kuti kumeneko n'kolangira anthu, ndipo kalata yopempha kusamutsidwa mudzailemba musanamasule n'chikwama chomwe. Sindikuweruzani, kumatenthadi. Koma mukamadzalemba kalatayo, chifukwa chomwe mudzaikemo chidzakhala chomwechi mukutiseka nachochi, ndipo kwa inu chidzamveka.

Dzulo madzulo ndinaimbira amayi. Anati mjigo wa pafupi wayamba kutulutsa madzi pang'onopang'ono, akumadzuka 3 koloko usiku kukagwira mzere. Ndinawafunsa ngati agogo akumwa madzi okwanira. Anati akumwa, koma foni yatentha kwambiri kukhutu, tidzalankhulana kukazizira.