Woimba gitala kumbuyo naye ali pantchito

Lachisanu likamafika, makoma ndi mitengo ya m'mbali mwa misewu zimakhala zitavala kale mapositala. Pamwamba dzina la katswiri, pansi mtengo wolowera pakhomo. Chimene sichilembedwa ndi mayina a anyamata ndi atsikana amene adzapanikizane m'kosita m'mamawa, miyendo ili pamwamba pa zokuzira mawu, kuti akafike ku Mzuzu kapena ku Mangochi dzuwa lisanalowe. Woimba besi, wa ng'oma, wa kiyibodi, atsikana othandizira kuimba ndi ovina, wokonza mawu, ndi DJ amene amasunga anthu bandi isanakwere. Lero tikulankhulira anthu amenewa, chifukwa ntchito amagwira ndi yeniyeni koma malipiro awo akadali a pakamwa.

Tikumbutsane mmene tidafikira pano. Kale woimba ankadya za kaseti. Akajambula chimbale ankapita nacho kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kumwazika m'misika ya dziko lonse, iye n'kupeza kangachepe kolipirira anzake. Adabwera ma CD, kenaka mafulashi ndi timamemore ta m'foni, ndipo m'misika mudadzaza timashopu tothira nyimbo mazanamazana pamtengo wa fanta. Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika madzulo yazungulira kale pa WhatsApp, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Munda umene watsala ndi nsanja. Woimba wa ku Malawi akapanda kukwera pansanja Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, kunyumba kwake moto suyaka.

Amene adazindikira msanga izi ndiwo adakhalitsa. Anyamata a Black Missionaries a ku Chileka akhala pamsewu chimwalirire mtsogoleri wawo Evison Matafale mu Novembala 2001. Malemu Lucius Banda adayendetsa Zembani Band kuchokera mu 1997 mpaka imfa yake mu Juni 2024, ndipo oimba ambiri amene akuima paokha lero adaphunzirira ntchito m'manja mwake. Alleluya Band ya ku Balaka yadutsa zaka 40 ikuimbabe. Magulu amenewa ndi makampani ndithu: amalemba anthu, amadyetsa mabanja, ndipo kulikonse kumene apita amapezetsa ndalama wa kanyenya, wa chiwaya, wa kabaza ndi mwini malo ogona alendo.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi ndalama za usiku umodzi. Pali galimoto yonyamula anthu ndi zida. Pali mafuta, amene zaka zapitazi akhala akusowa mpaka anthu kugona pamizere. Pali jenereta, popeza palibe wokonza phwando amene angadalire magetsi a Escom okha. Pali kulipira malo, apolisi, alonda a pakhomo, kulengeza pawayilesi, chakudya ndi pogona. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe nsambo za gitala, timitengo ta ng'oma, mawaya ndi makina osakanizira mawu zonse zimachokera kunja. Mtengo wa pakhomo sungakwere liwiro lomwelo, chifukwa wolowa naye thumba lake labooka. Ndiye kugwe mvula, kapena m'deramo muchitike maliro a munthu wodziwika, anthu n'kubwera ochepa. Mwini malo watenga kale zake. Wa galimoto sanyamuka asanalandire. Amene amatsala atagwira chikwama cha gitala panja, mbandakucha, akudikira kuti aitanidwe, ndi woimba uja.

Mawu amene amauzidwa amadziwika kwa aliyense amene adaimbapo m'bandi. "Pakhomo sipadayende bwino." "Tionana Lolemba." "Gwirani kaye iyi ya thiransipoti." Ndipo Lolembalo foni siyankhidwa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mnyamata amene waimba maola asanu osapuma, zala zitachita matuza, amabwerera ku Ndirande kapena ku Kawale ndi lonjezo lokha, ndipo alibe kumene angakadandaule chifukwa palibe pepala limene lidalembedwa. Akalimbalimba amamuuza kuti oimba gitala ndi ambiri m'tauni muno.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti okonza maphwando athu amaudziwa mgwirizano wolemba. Akamaitana woimba wa ku Nigeria, South Africa kapena Jamaica amasaina mapepala miyezi isanakwane, amatumiziratu madola, amalipira ndege ndi hotela, ndipo amatsata mndandanda wa zida zimene mlendoyo wafuna. Pansanja yomweyo, usiku womwewo, bandi ya kuno imene yaimba kuyambira madzulo kukonzera mlendoyo njira imauzidwa kuti idikire awerenge kaye za pakhomo. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, adatulukira pa Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndipo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya. Luso lotere ndi limene ife timalipira ndi "tionana".

Tisaloze chala okonza maphwando okha. Eni mabandi ena, amene iwo eni amadandaula kuti akuberedwa, amachita zomwezo kwa anyamata awo. Katswiri amagula galimoto, woimba ng'oma amene wamuperekeza zaka khumi akubwerekabe ndalama ya lendi. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, limagawa ndalama za nyimbo zoseweredwa pawayilesi ndi za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo ndi ntchito yabwino. Koma ndalamazo zimatsata dzina limene lidalembetsedwa pa nyimboyo. Wolembedwa ganyu ya usiku umodzi sadya nawo. Mu 2020, Covid-19 itatseketsa malo azisangalalo, tidaona anthu amene tinkawaombera m'manja akugulitsa magitala awo kuti agule ufa. Ndipo takhala tikuona kangati uthenga wopempha thandizo la kuchipatala kapena la bokosi la munthu amene nyimbo zake zidavinitsa dziko lonse?

DJ naye ali m'bwato lomweli, ngakhale oimba ena amamuona ngati wowalanda nsima. N'zoona kuti maukwati ambiri masiku ano amangoitana DJ ndi zokuzira mawu zake kuti perekaniperekani ayende, bandi osaifunanso. Koma DJ wa m'kalabu amaimirira kuyambira 9 koloko usiku mpaka kucha, ndi laputopu yogula yekha, ndipo ena amamulipira mabotolo a mowa m'malo mwa ndalama. Ndi iyenso amene amaphunzitsa makutu a anthu. Nyimbo ya kuno ikalowa pakati pa amapiano ndi za ku Nigeria anthu osachoka pabwalo, ndiye kuti woimbayo wapeza ntchito ya miyezi ingapo. Tikupempha ma DJ athu kuti mphamvu imeneyi aziigwiritsa ntchito mokomera nyimbo za kuno. Chimene sitikugwirizana nacho ndi katswiri amene amalengeza kuti kudzakhala bandi, anthu n'kulipira, iye n'kubwera ndi fulashi m'thumba n'kumangofuula pamwamba pa nyimbo yojambula kale. Kumeneko n'kubera wolowa komanso kumana anzake ntchito.

Palinso nkhani ya msewu. Phwando lolengezedwa kuti liyamba 8 koloko limayamba pakati pausiku n'kutha tambala atalira, ndipo dalaivala amene sadagone amanyamuka pomwepo kuthamangira masana a Lamulungu kutauni ina, pa M1 ya maenje ija. M'galimotomo mulibe ndi mmodzi yemwe amene ali pa inshulansi ya ntchito.

Boma nalo lili ndi mlandu. Malo amene ankatchedwa French Cultural Centre ku Blantyre, kumene mabanja ankapita ndi ana Lamulungu masana kukaonera bandi, adalowa m'manja mwa boma mu 2011 n'kutchedwa Blantyre Cultural Centre, koma adasakazidwa n'kukhala zaka zambiri ali bwinja. Malo otere akasowa, nyimbo zimathawira m'mabala, ndipo kumeneko amene amalamula nthawi yoyambira ndi wogulitsa mowa, osati woimba. Maphwando akuluakulu monga Lake of Stars, imene idayamba mu 2004, Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka aonetsa kuti Amalawi amatuluka mwaunyinji kukamvera nyimbo. Koma amenewa ndi a kamodzi pachaka, pomwe woimba amadya tsiku lililonse.

Pempho lathu ndi lapafupi. Bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi likonze pepala limodzi la mgwirizano, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lotchula tsiku, malo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, ndalama ya munthu aliyense wokwera pansanja, ndi amene adzalipire ngati wina wavulala panjira. Likhazikitsenso ndalama yochepetsetsa imene woimba chida kapena DJ angalandire pausiku umodzi. Theka lizitumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money galimoto isananyamuke. Makampani a mafoni, a zakumwa ndi mabanki amene amapachika zikwangwani zawo kumbuyo kwa nsanja asamatulutse ndalama asanaone mapepala amenewa atasainidwa.

Ndipo inu okonda dansi, Loweruka likubwerali mukafika pakhomo musafunefune mlonda amene mumadziwana naye, kapena kunena kuti ndinu m'bale wa woimba. Lipirani tikiti yonse, chifukwa ndi momwe muli lendi ya mnyamata wa ng'oma uja.