Bambo amene anachedwetsa mwana wake dala



Ena mudabwa kuti lero ndikulemba za woimba lipenga wa ku England. Nkhani ya zida zoimbira masheikh athu amaiona mosiyana, ndipo sindikuiweruza pano. Chimene chandikoka ndi zimene bambo wina anachita ndi mwana wake, chifukwa ndikuganiza kuti ambiri a ife tikadakhala m'malo mwake sitikadapirira chonchi.

Mwanayo ndi Dennis Brain, amene anabadwira ku London pa 17 May 1921. Lipenga lake silinali lowongoka ngati la asilikali. Ndi lija lopindidwa mozungulira ngati nkhata, lotchedwa horn, ndipo mutaliwongola chitoliro chake chingafike mamita atatu kapena kuposerapo. Dzanja lamanja limalowa kukamwa kwa lipengalo, zala zamanzere zimadina, koma liwu lenileni limapangidwa ndi milomo. Woimba akamakwera m'mwamba, mawu oyandikana amathithikana kwambiri, moti mlomo ukangophonya pang'ono limatuluka liwu lina, holo yonse n'kumva. N'chifukwa chake ngakhale akatswiri amaliopa.

Lipengali linali la pabanja. Agogo ake a Dennis ankaliimba. Bambo ake aakulu, Alfred, analiimba mpaka ku Los Angeles. Bambo ake omubereka, Aubrey Brain, anali mtsogoleri wa oimba lipengali mu BBC Symphony Orchestra, ndipo mayi ake anali woimba ndi mawu. Mwana wobadwira m'nyumba yotere, inu mukadatani naye? Ndikudziwa: akangoyamba kuyenda mukadamupatsa lipenga, alendo akabwera n'kumuitana kuti adzaonetse.

Aubrey anakana. Ankakhulupirira kuti mwana asayambe kuliphunzira mwakhama mano ndi milomo zisanakhwime, kuopa kuti angazolowere kaimbidwe kolakwika kovuta kukonza. Dennis ankangololedwa kupemerera pang'ono m'lipenga la bambo ake, basi. Zaka za ubwana wake anathera pa piyano ndi pa limba lalikulu la organ, kuphunzira kuwerenga nyimbo ndi kunola khutu. Maphunziro enieni a lipenga anayamba mu 1936 ali ndi zaka 15, atalowa ku Royal Academy of Music, ndipo mphunzitsi wake anali bambo ake omwewo.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1938, anaimba pagulu ku Queen's Hall mu nyimbo ya Bach. Ngakhale apo anakhala pampando wachiwiri, woyamba ali bambo ake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaimba mu gulu la asilikali a ndege a RAF. Mu 1943 Benjamin Britten analemba nyimbo yake ya Serenade akuganizira lipenga la mnyamata ameneyu ndi mawu a Peter Pears. Nkhondo itatha, magulu awiri atsopano a ku London, Philharmonia ndi Royal Philharmonic, onse anamufuna kuti atsogolere malipenga awo, ndipo kwa zaka zingapo ankagwira konsekonse. Paul Hindemith anamulembera nyimbo. Mu 1953 anajambula nyimbo zinayi za Mozart za lipengali pamodzi ndi Herbert von Karajan, ndipo mpaka lero ophunzira lipengali amazimvetsera kuti adziwe mmene liyenera kumvekera.

Pali kanthu kamene kamandiseketsa. Mu 1956, pa konsati ya nthabwala ku Royal Festival Hall, Dennis anaimba nyimbo ya Leopold Mozart ndi paipi yothirira maluwa. Paipi ilibe podina, choncho liwu lililonse linadalira khutu ndi milomo yake, zinthu ziwiri zimene bambo ake anazisamala kuyambira ali wamng'ono.

Anthu akamva mbiri yotere amathamangira kunena kuti n'za m'magazi. Ine sindikhutira nazo. Magazi anali momwemo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo Aubrey sanawadalire. Anadziwa ntchito yake, anadziwanso thupi la mwana, n'kusankha choyamba ndi chotsatira. Ife makolo kawirikawiri timafuna chooneka. Mwana wa mnzathu akatchulidwa pamwamba m'kalasi, wathu usiku womwewo amva mawu. Timamulumphitsa kalasi asanakhazikike pa kuwerenga, timamusankhira ntchito ya udokotala ali Fomu 1, kenaka timadabwa akafika Fomu 3 atatopa ndi sukulu ndipo masamu a pulayimale akumuvutabe. Amene amalipira kufulumira kwathu ndi mwanayo, pa zaka zimene sangazibwezenso.

Wina anena kuti m'mera mpoyamba, ndipo Mozart mwiniwakeyo anayamba kuimba ali kamwana. N'zoona. Sindikunena kuti mwana azingokhala mpaka zaka 15, ndipo ophunzira aulesi asatenge tsamba lino kukaonetsa kunyumba. Dennis sanali kungokhala. Ankagwira ntchito yosaoneka, yosaombedwa m'manja, imene inachititsa kuti lipenga litafika m'manja mwake, zaka ziwiri zikwanire kumuimiritsa pamaso pa anthu a ku London. Chovuta kwa kholo n'chakuti pa nthawi yotere ulibe chouza anzako akakufunsa kuti mwana wafika pati. Aubrey anali katswiri wodziwika dziko lonse la England, ndipo analolera kukhala ndi mwana amene sankaimba lipenga.

Funso lolemera kwambiri ndi lina. Pa 31 August 1957 Dennis anaimba ndi Philharmonia pa chikondwerero cha ku Edinburgh. Konsati itatha analowa m'galimoto yake ya Triumph TR2, pakuti ankakonda magalimoto othamanga, n'kuyamba ulendo wa usiku wa makilomita oposa 600 kubwerera ku London. M'mawa wa pa 1 September, atatsala pang'ono kufika, galimotoyo inasiya msewu pafupi ndi Hatfield n'kugunda mtengo. Anamwalira ali ndi zaka 36, kusiya mkazi ndi ana aang'ono.

Ndiye wina angafunse: poti moyo wake unali waufupi chonchi, zaka zija bambo anamudikiritsa sizinatayike? Ndalingalirapo, ndipo ndikuti ayi. Aubrey sakadadziwa tsiku la mwana wake, monga ifenso sitidziwa la athu, ndipo iye anatsogola kale mu 1955. Chimene anali nacho m'manja ndi milomo ya mwana yosakhwima, ndipo anaiteteza. Zaka 19 zimene Dennis anaimba pagulu zinakwanira kuti olemba nyimbo ayambe kulembera lipenga limene ambiri ankaliona ngati lokhala kumbuyo kwa gulu. Chaka chomwecho cha ngoziyo, Francis Poulenc wa ku France analemba nyimbo ya maliro ya lipenga ndi piyano pomukumbukira.