Zonse tisamanamizire dzuwa

Ku Nchalo mu Okutobala aliyense amakhala thukuta kamukamu. Ndiye mtsikana akamaonda pomwe akudya bwino, mtima ukugunda ngati wathamanga, manja akunjenjemera, timangoti n'kutentha. Ena amayamba kunong'ona za kachilombo, zomwe zimandinyansa.

Nthawi zina gwero lake ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi paja. Tinazolowera kuti khosi likatupa ndiye kuti ayodini wachepa. Koma pa matenda a Graves, omwe amagwira kwambiri akazi, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumachikakamiza kugwira ntchito mopyola muyeso. Apa mchere wa ayodini suchiza.

Kuchipatala funsani zoyezetsa magazi: TSH kaye, kenako ma antibody. Akakutumizani ku Queens ku Blantyre, pitani ndithu. Mukachedwa, mtima umafooka.